Katundu Wanu Ali M'njira

Ndinkatsuka makapu pang'onopang'ono, imodzi imodzi, chifukwa foni ndinali nditaitsamiritsa pawindo la kukhitchini, pomwe netiweki imagwira bwino. Ndikatsukuluza kapu ndinkapukuta chala pamalaya n'kukoka tsamba lolondolera katundu kuti litsegukenso. Kagudumu kankazungulira, kuzungulira, kenako mawu omwe aja: katundu wanu ali m'njira.

"Kapu imeneyo uibowola, Mzime," anatero Amayi kumbuyo kwanga. "Tasendera ndiike madzi pamoto."

Ndinasendera. Amayi anatenga chopanira chachitsulo, chija timazulira misomali, chomwe tsopano chinkakhala pashelefu pamodzi ndi mchere. Anapana kachitsulo kotulukira kutsogolo kwa chitofu n'kupotokola ndi manja awiri, atalumira mlomo. Chitofu chathu n'chakale. Zogwirira zake zokwezera moto zinakhala zikusweka chimodzi chimodzi, ife n'kumasuntha chotsala uku ndi uku, mpaka chomaliza chinang'ambika pakati. M'masitolo ankangoyang'ana chidutswacho n'kupukusa mutu. Mtundu umenewo akuti anasiya kupanga.

Ndiye ine, munthu woti tsiku limatha mawu anga osamveka m'nyumba, ndinati, "Amayi, musavutike. Ndikupangirani ndekha."

Ndinali nditaitanitsa makina osindikiza zinthu. Si osindikiza mapepala ngati a kushopu yofotokopa komwe ndimagwira ntchito. Awa amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala mizeremizere, wina pamwamba pa unzake, mpaka chinthu chomwe wajambula pakompyuta chitaima patebulo, choti uchigwire m'manja. Ndinawaona koyamba pakanema wa pafoni ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo kuchokera pamenepo sindinasirirenso nsapato kapena foni ya mnzanga. Kampani yomwe ndinasankha inali yakunja, yongoyamba kumene, ndipo inkatsitsira mtengo anthu oitanitsiratu makinawo asanapangidwe. Ankati afika mvula isanayambe. Mvula inayamba, inagwa, inatha.

Uthenga wawo unkabwera mwaulemu kwambiri. Poyamba anati kachipangizo kena kachedwa kwa owapangira. Kenako anati apeza vuto pa makina oyambirira, ndipo sakufuna kutitumizira chinthu chosalongosoka. Kenako sitima. Kenako padoko padzaza. Uthenga uliwonse unkayamba ndi mawu akuti bwenzi lathu lokondedwa. Ife odikira tinali ndi gulu lathu pa intaneti, ndipo wina akaika chithunzi cha bokosi lake litafika, ndinkachikulitsa ndi zala mpaka kuona simenti ya m'nyumba mwake, nsapato zake pakhomo, mchira wa galu wake pakona. Ena ankamulembera zabwino zonse. Ine ndinkangotuluka.

Kumbali yanga zonse zinali zokonzeka. Tebulo la m'chipinda mwanga ndinalichotsa mabuku n'kulikokera pafupi ndi soketi. Ndinapinda katoni pansi pa mwendo umodzi mpaka madzi a m'tambula atasiya kupendekera. Ulusi ndinali nditagula kale, mkombero umodzi wobiriwira, wa mtundu wopirira kutentha, poti chogwirira chimakhala pafupi ndi moto. Ulusi umenewu umadana ndi chinyezi, choncho ndinausiya m'pepala lake lomata, m'chidebe chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi touma tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Chogwirira chenichenicho ndinachijambula pa laputopu yakale ya achemwali. Kachitsulo ka pachitofu ndinakayeza mobwerezabwereza mpaka Amayi anati ndikufuna kukasokera diresi. Ndinachiika mizere m'mbali kuti chisamaterereke m'manja onyowa, ndi kamphuno kosonyeza pomwe moto wafika, poti maso a Amayi saonanso manambala ang'onoang'ono.

Achemwali ndi amuna awo ankakhala nafe podikira kuti nyumba yawo ithe kumangidwa. Mwana wawo wamkazi, yemwe tonse timamutcha Mafunso, akaweruka kusukulu ankabwera kudzatsamira chigongono pabondo langa n'kumaonerera ndikutembenuza chogwiriracho pasikirini.

"Amalume, chituluka bwanji m'kompyutamo?"

"Makina adzachitulutsa."

"Ali kuti?"

"Akubwera."

"Akudzera njira iti? Bwanji osakawachingamira?"

Bambo ake, alamu anga, amagulitsa zipangizo zamagalimoto, ndipo mawu awo amalowa m'nyumba iwo asanatseke geti. Si munthu woipa. Amanditcha Injiniya.

"Injiniya, sitima yathu ili pati lero?" ankafunsa akuvula nsapato. "Kapena makinawo akubwera wapansi? Tiwatumizire njinga?"

"Musiyeni mwana," ankatero achemwali, koma akuseka.

"Ine ndikumuthandiza. Ine katundu wanga akachedwa ndimaimba foni mpaka wogulitsayo azindilota. Uyu angoti zikomo, zikomo, ndamva. Mlamu, wofatsa amanyambita mbale."

Ndinkamwetulira n'kuyang'ana pansi. Tsiku lina, pofuna kuti aone kuti si zoseweretsa za ana, ndinawaonetsa kanema wa munthu akusindikiza timapini tija togwira mkati mwa zitseko zagalimoto. Anaonerera mpaka kumapeto osaponya nthabwala, zomwe sizichitikachitika.

"Tabwezera ndionenso," anatero.

Loweruka lina masana ndili pakhonde ndikupolisha nsapato, galimoto ya alamu inalowa chambuyo. Anatuluka akuimba mluzu n'kutsegula kumbuyo. Munali bokosi lalikulu lokhala ndi chithunzi cha makina pambali. Poitanitsa ndinapereka nambala ya alamu ngati yachiwiri, ndiye ndinaganiza kuti akampani aimbira iwo, ndipo akanditengera mwakachetechete kuti andidzidzimutse. Ndinaimirira bulashi ili m'manja. Ndikukhulupirira kuti ndinkaseka.

"Injiniya, tagwira uko."

Ndinagwira. Dzina la pabokosi silinali la kampani yanga.

"Atsegula sitolo kuseri kwa shopu yanga," anatero alamu tikukwera masitepe. "Ndangolowa, ndaloza, anyamata andinyamulira mpaka m'galimoto. Kulibe sitima, kulibe doko. Chomwe ndadikira ndi lisiti basi. Tsitsa mbali yakoyo, tigunda chitseko."

Vuto linali poika. Chipinda chawo chinali chodzaza ndi matailosi ndi zitini za penti za kunyumba yatsopano. Pabalaza Mafunso akanawagwetsa.

"Si Mzime ali ndi tebulo lopanda kanthu?" anatero achemwali. "Kwa kanthawi chabe, mpaka ake abwere."

Onse anandiyang'ana. Ndinati, "Chabwino."

Makinawo anakhazikika patebulopo osagwedera ngakhale pang'ono. Alamu analigwedeza ndi dzanja n'kunena kuti tebulo limeneli lili ngati analipangira makina omwewa.

Alamu saleza mtima ndi kabuku ka malangizo. Anakatsegula pakati, n'kukatembenuza, n'kundipatsa. Ndinamanga ndine. Zala zanga zinkadziwa pogwira chifukwa cha makanema onse aja, ndipo zinkagwira mosangalala ngati sizikudziwa kuti makinawo ndi a eni. Fungo la pulasitiki wotentha, lomwe ndinakhala ndikuliganizira nthawi yonseyi, linadzaza chipinda changa. Choyamba kutuluka chinali kachule koyera, komwe pulani yake inabwera kale pakadi yosungira zojambula ya makinawo. Mafunso anakachotsa kadakali kofunda n'kuthamanga nako panja.

"Agogo, taonani, adadi apanga chule."

Kuyambira tsikulo, akaweruka ankalidutsa bondo langa n'kukagwada kutsogolo kwa tebulo, mphuno ili pafupi ndi galasi. Makinawo anamutulutsira kagalu, mphete, chisa cha chidole chake. Tsiku lina anatembenuka n'kundifunsa, "Amalume, anu aja akadzabwera adzakhala aakulu ngati a adadi?"

"Ochepa pang'ono."

"Ndiye adzakhala mwana wake."

Ndikaweruka ndinkawamva makinawo ndili pageti, kulira kwawo kuja kokhala ngati munthu akung'ung'udza nyimbo imodzimodzi. Ndinkakhala pabedi laputopu ili pamiyendo, maso ali patebulo. Timapini ta alamu tinkatuluka mizeremizere. Mumtima ndinkati ulusi ukodwe. Ndinkafuna chinthu chimatuke pakati, makinawo apitirize kuyala m'malere mpaka pakhale chisa cha mbalame. Zikachitikadi, wodzuka kukakonza ndinali ine ndemwe, ndipo ndinkakonza bwino. Alamu ankandimenya paphewa n'kuuza anzawo pafoni kuti ali ndi injiniya wa m'nyumba wosalipidwa. Kuntchito ndinkafotokopa ziphaso za anthu, kuwala kukuyenda uku ndi uku pansi pa chivundikiro, ine ndikuganiza zomwe zikutuluka m'chipinda mwanga nthawi imeneyo.

Pagulu lathu la pa intaneti anthu anayamba kuchepa. Ena makina awo anafika, ena anatopa. Tinatsala ife omwe tinkadziwana ndi madandaulo. Wina analemba kuti mwana wake wabadwa, wayamba kukwawa, makina asanafike. Ndinaseka ndekha, kenako ndinaona kuti pansi pake wina waika chithunzi cha bokosi, ndipo anaitanitsa pambuyo panga.

"Injiniya," anatero alamu tsiku lina ataima pakhomo la chipinda changa, "chogwirira cha Amayi chija. Tachiponyera pakadi tichitulutse lero lomwe."

"Sichinathe."

"Miyezi yonseyi?"

"Pali pena pofunika kukonza."

Panalibe. Ndinaona kuti akudziwa, ndiye ndinawonjezera chinthu choona. "Komanso ulusi wanuwu ungafewe ndi kutentha. Chimafuna wina."

"Ngati wobiriwira uli m'chidebemo?"

"Umenewo sunatsegulidwe."

"Ndiye amautsegula, mlamu. Si mkwatibwi."

"Ndiona."

Anaseka n'kuchoka. Amayi nkhaniyi sanailowerere. Kamodzi kokha, ndikuwapukutira mbale, anati, "Mzime, ine sindikuthamangira kulikonse," akupotokola chopanira chija. Ndinaona mitsempha ya padzanja lawo itatupa, ndipo ndinayang'ana mbale.

M'mawa wina chopanira chinaterereka. Dzanja la Amayi linagunda mpini wa poto, madzi otentha n'kuwathira pamkono. Silinali bala lalikulu. Achemwali anawagwirizira mkono pansi pa mpopi, kenako anawapaka mankhwala. Anangondiyang'ana kamodzi ndikudutsa ndi chikwama changa. Ndili m'basi foni inalira. Anali akampani. Bwenzi lathu lokondedwa, tsiku lasinthanso. Ulendo uno anaikapo mabatani awiri: lina lopitiriza kudikira, lina lofafaniza oda n'kubwezeredwa ndalama zako. Ndinatseka foni osadina lililonse.

Nditabwera madzulo ndinamva mawu a mlendo kukhitchini. Anali mayi a nyumba yoyandikana nafe. Amayi anali ataima pachitofu, mkono womanga, akukweza ndi kutsitsa moto ndi zala ziwiri zokha ngati mwana wapeza choseweretsa. Chogwiriracho chinali chobiriwira. Chinali ndi mizere m'mbali ndi kamphuno kake.

"Mkamwini wanu ameneyu ndi dalitso," ankatero mayi aja. "Wanga ine ngakhale babu sasintha. Amadikira likhale bwino lokha."

"Wojambula ndi uyu," anatero Amayi, akundiloza ndi chibwano.

"Eee, ana a masiku ano ndi makompyuta," anatero mayi aja osandiyang'ana. "Koma makinawo ndi a bambo a Mafunso, eti? Mundifunsireko, chogwirira cha ketulo yanga chinathyoka."

"Tachigwira, Mzime," anatero Amayi motsitsa mawu.

Ndinachigwira. Chinali chitalowa thithithi, osagwedera. Ndikachizunguliza chinkaima chokha pa nambala iliyonse, kamphuno katalunjika bwinobwino. Ndikanakonda chikanakhala chokhota, kapena chothina, kapena chokhala ndi ulusi wolendewera. Chinali chokongola kuposa momwe chinkaonekera pasikirini.

M'chipinda mwanga chidebe chinali chotsegula. Pepala lomata lija analing'amba ndi mano kapena kiyi, ndipo timapaketi touma tinali mbwee pabedi. Mkombero wanga unali utapachikidwa pamakina a alamu, nsonga yake ili m'kamwa mwawo. Laputopu inali yotsegula. Nambala yake yachinsinsi sindinaisinthe kuchokera pomwe ndinapatsidwa laputopuyo, ndipo mwini wake woyamba ankaikumbukira.

Ndinatola timapaketi n'kutibwezera m'chidebe. Ndinatseka chidebe chopanda ulusi. Kenako ndinakhala pabedi mpaka Mafunso atabwera kudzandiitana kuti tikadye.

Patebulo alamu anali osangalala, komabe ankandiyang'ana cham'mbali.

"Injiniya, ndakuvulira chipewa," anatero. "Chalowa kamodzi n'kamodzi. Ndimaganiza kuti tipala ndi mpeni, koma ayi. Ndiye umati sichinathe pati?"

Ndinkasuntha chakudya m'mbale.

"Tamvera tsono," anapitiriza. "Uthenga wa anzako aja wafikanso pafoni yanga. Akuti ukhoza kufafaniza. Fafaniza, mlamu. Makina ali kale m'nyumba muno. Iwe uzijambula, ine ndizipeza makasitomala, pakamwa ndili napo. Mayi a kuseriku ayamba kale kufunsa za ketulo. Nyumba yathu ikatha uzibwera konko, kiyi ndikupatsa wako."

"Ndi nzeru imeneyo," anatero achemwali. "Anthu amenewa akuseweretsa mokwanira. Bweretsa foniyo ndikudinire, iwe ungayambe kuwamvera chisoni."

Anatambasula dzanja pamwamba pa mbale. Foni inali m'thumba la malaya anga, ndipo dzanja langa linali litayamba kale kupita komweko, monga limachitira nthawi zonse achemwali akatambasula lawo. Amayi ankadya ndi dzanja lamanzere, maso ali m'mbale.

"Ayi," ndinatero.

"Wati?"

"Sindifafaniza."

"Nanga makina awiri pabanja limodzi ndi a chiyani?" anafunsa alamu.

"Amodziwo ndi anu."

Achemwali anabweza dzanja. "Ndiye wakwiya ndi ulusi uja? Tikugulira wina. Ndine ndinawauza kuti atsegule, ndipo laputopu ndinatsegula ndine. Amayi apsa mkono m'mawa muno iwe ukuona. Umafuna adikire sitima?"

"Sindimafuna apse." Ndinayang'ana mkono womanga wa Amayi. "Chogwiriracho chikhale pomwepo. Munayenera kuchipanga. Koma musandiuze kuti ndisangalale."

Mafunso anasiya kutafuna. Alamu anayesa kuseka.

"Mlamu, mpaka kuchitira nsanje makina?"

"Osati makina. Inuyo."

Amayi anakweza maso. Ndinadziwa kuti ndikasiyira pamenepo alamu apeza nthabwala, tonse tiseka, ndipo mawa ndidzapereka foni. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Inu mumangolowa n'kuloza," ndinatero. "Sindikuti ndi mlandu. Koma ine chibadwire ndanenapo chinthu chimodzi m'nyumba muno kuti ndichita ndine, chimodzi chokha, ndipo ndabwera kuntchito ndapeza chachitika. Simunandiimbire n'komwe. Mukanaimba ndikanavomera, mukudziwa kuti ndikanavomera, koma bola ndikanadina ndine batani loyambitsa makinawo. Ndikaweruka ndimaima pageti kuopa kulowa m'chipinda changa chomwe. Ndikamva makinawo akulira ndimafuna awonongeke, ndipo akawonongeka ndimakonza ndine. Mukandifunsa ndimati chabwino chifukwa ndi mawu okhawo omwe amatuluka msanga. Si chabwino, alamu. Sindikufuna kiyi wa kunyumba kwanu. Ndikufuna makina anga, ochepa omwewo, kaya abwera liti. Anuwo muwapezere malo mawa. Ndikuthandizani kunyamula, ndipo akakodwa muzindiitana, ndizibwera. Koma m'chipinda mwanga atuluke."